San Francisco: Mmene Doko, Ndende ndi Bwinja Zinasandukira Malo Okaona

Mlendo akatsika ndege ku San Francisco, m'chigawo cha California, aliyense amamuuza zofanana: ukakwere ngolo yokokedwa ndi chingwe, ukayende pa mlatho wa Golden Gate, ukadye nkhanu kudoko la asodzi, ukalowe ku Chinatown, ndipo tikiti yopitira ku Alcatraz ugule msanga chifukwa imatha masiku akadalipo. Koma ambiri mwa malo amenewa sanakonzedwe kuti azisangalatsa alendo. Ena anali malo a thukuta, ena otsekeramo anthu, ena anabadwa mzinda utapsa. San Francisco ndi mzinda umene unaphunzira kupeza ndalama pa zinthu zimene ntchito yake inali itatha.

Mzindawu ndi waung'ono, wosapitirira kwenikweni makilomita 11 m'litali ndi m'lifupi, ndipo madzi anauzinga mbali zitatu. Kumadzulo kuli nyanja yamchere ya Pacific, kummawa kuli nyanja yolowerera kumtunda ya San Francisco Bay, kumpoto kuli mpata wopapatiza umene madzi awiriwa amakumaniranapo. Eni nthaka anali Aohlone, ndipo fuko limene linkakhala pamene pali mzinda lero linkatchedwa Yelamu. Iwo ankamanga mabwato ndi udzu wa m'madambo, ankatola nkhono za m'madzi, ankasinja njere za mitengo ya oak kuti apeze ufa, komanso ankatentha tchire pa nyengo yake kuti msipu uphuke. Zigoba za nkhono zimene ankataya kwa zaka masauzande zinaunjikana mpaka kukhala zitunda m'mbali mwa nyanja, ndipo m'zitundamo ankaikamo akufa awo. Zambiri mwa zitundazi anazisalaza omanga misewu ndi mafakitale.

Azungu anachedwa kufika, ndipo chinawachedwetsa ndi nkhungu. M'miyezi yotentha, mphepo yonyowa ikamadutsa pamwamba pa madzi ozizira a gombe la California imabala nkhungu yochindikala, yonga ya chiperoni ku Mulanje ndi ku Thyolo, imene imatseka mpata uja. Zombo za Aspanya zinadutsa pagombeli kwa zaka zoposa 200 osadziwa kuti kuseri kwa nkhunguyo kuli doko lalikulu. Amene anayamba kuliona anali asilikali oyenda pamtunda a Gaspar de Portolá mu 1769, ndiponso anali atasochera pofunafuna Monterey. Mu 1775 Juan Manuel de Ayala analowa pampatapo ndi chombo chotchedwa San Carlos, n'kupatsa zilumba mayina. Dzina la Alcatraz linachokera kwa iye, potengera mbalame za m'nyanja zimene anaziona zochuluka.

Chaka chotsatira, 1776, kunafika asilikali ndi mabanja awo kuchokera ku Mexico pamodzi ndi ansembe a chipani cha Afransisko. Asilikali anamanga linga la Presidio moyang'ana mpata, ansembe anamanga mishoni ya San Francisco de Asís, imene anthu amangoitcha Mission Dolores. Tchalitchi chake cha zidina, chimene chinatha mu 1791, ndi nyumba yakale kuposa zonse mumzindamo. Makoma ake ndi ochindikala kupitirira mita imodzi, ndipo kudenga kuli mizere yokhotakhota yotengera luso la Aohlone. Amene anaumba zidinazo ndi Aohlone omwewo. Munthu akabatizidwa sankaloledwanso kubwerera kumudzi kwawo mwaufulu, ndipo wothawa ankatsatidwa ndi asilikali. Matenda achilendo, monga chikuku cha mu 1806, anawasesa. Akuti m'manda a pamishonipo munaikidwa eni nthaka pafupifupi 5,000, ambiri opanda mwala wa dzina. Mlendo amene amangojambula maluwa a pamandapo n'kutuluka waphonya nkhani yeniyeni ya malowo.

Dziko la Mexico litadzilamulira mu 1821, mamishoni anatha mphamvu, minda yawo inagawidwa kwa oweta ng'ombe. Mu 1835 Mngelezi wina woyenda panyanja, William Richardson, anakhoma hema pafupi ndi gombe lakummawa, ndipo pamenepo panamera kamudzi ka Yerba Buena. Mu Julayi 1846, nkhondo ya America ndi Mexico ili mkati, John Montgomery wa chombo cha Portsmouth anakweza mbendera ya America pabwalo la kamudziko. Bwalolo ndi Portsmouth Square, pamene lero nkhalamba za Chitchaina zimaswera tsiku zikusewera makhadi ndi chesi yakwawo. Mu Januwale 1847 kamudziko kanatenga dzina la San Francisco.

Chaka chimodzi chokha chitadutsa, pa 24 Januwale 1848, James Marshall anaona golide mumfuleni wa makina ochekera matabwa a John Sutter ku Coloma, kumapiri. Nkhaniyi itawanda, dziko linagwedezeka. Mudzi wa anthu pafupifupi 1,000 unali ndi anthu 25,000 pofika kumapeto kwa 1849. Ankabwera kuchokera ku Chile, ku Mexico, ku Australia, ku China, ku Ulaya ndi kugombe lakummawa kwa America. Chombo chikangoima, amalinyero ankathawira kumigodi limodzi ndi okwera, moti padoko panatsala zombo mazanamazana zopanda mwini. Zina anazikokera kumatope n'kuzisandutsa mosungira katundu. Chombo cha Niantic chinakhala nkhokwe, kenako pamwamba pake anamangapo hotelo. Malo atachepa, anthu anayamba kukwirira nyanja ndi mchenga ndi zinyalala, zombozo zili momwemo. Msewu wa Montgomery, umene lero uli pakati pa nyumba zazitali za mabanki, kale unali m'mphepete mwa madzi, ndipo okumba maziko amafukulabe matabwa a zombo. Ponena za chuma, ambiri amene anakumba golide anabwerako chimanjamanja. Amene analemera ndi ogulitsa. Banja la Boudin linayamba kuphika buledi wowawasa mu 1849, Domingo Ghirardelli anatsegula bizinesi ya chokoleti mu 1852, Levi Strauss anafika ndi nsalu mu 1853. Mayina atatuwa ndi amene alendo akugulabe.

Atchaina ambiri anachokera m'chigawo cha Guangdong. Poyamba analandiridwa, koma golide atayamba kusowa anasanduka adani. Iwo ndi amene anaboola mapiri a Sierra Nevada pomanga njanji yodutsa dziko lonse imene inatha mu 1869, ndipo ntchitoyo itatha anabwerera mumzinda n'kumachapa zovala, kuphika ndi kusoka nsapato pa malipiro ochepa. Mu 1877 magulu a azungu anatentha malo awo ochapira. Mu 1882 boma la America linakhazikitsa lamulo loletsa antchito a Chitchaina kulowa m'dzikomo, ndipo lamuloli linakhalapo mpaka 1943. Chinatown inali malo amene Mtchaina ankaloledwa kuchita lendi, ndipo kunja kwa misewu yochepayo ankayenda chocheuka.

Mzindawu uli ndi zitunda zoposa 40, zina zotsetsereka moti munthu amakwera akupumira. Akale amasimba kuti Andrew Hallidie, amene ankapota zingwe zachitsulo za m'migodi, anaona mahatchi akukwapulidwa pokoka ngolo pamsewu wonyowa, mpaka anaterereka n'kukokedwa chafutambuyo. Kaya zinachitikadi choncho, chodziwika n'choti mu Ogasiti 1873 iye anayendetsa ngolo yoyamba yopanda hatchi pamsewu wa Clay. Ngoloyi ilibe injini. Pansi pa msewu pali chingwe chachitsulo chimene chimazungulira osaima, pa liwiro la makilomita pafupifupi 15 pa ola, chokokedwa ndi magudumu aakulu a m'nyumba imodzi ya makina. Woyendetsa amaima pakati pa ngolo atagwira chitsulo chachitali chimene chimalowa pamng'alu wa mumsewu. Akachikoka, chimaluma chingwe ndipo ngolo imanyamuka. Akachitaya, ngolo imamasuka ndipo iye amaponda mabuleki. Ena mwa mabulekiwo ndi zidutswa za matabwa zimene zimakhuzana ndi njanji, n'chifukwa chake potsika mtsetse wa Hyde pamamveka fungo la mtengo wopserera. Ndi ntchito ya mphamvu ndi ya maso, chifukwa pamene zingwe ziwiri zadutsana, woyendetsa ayenera kutaya chingwe chake pa nthawi yake n'kuwoloka ndi liwiro lokha. Ngolozi zinachititsa kuti nsonga za zitunda zikhale malo a olemera, ndipo eni njanji monga Leland Stanford ndi Charles Crocker anamanga nyumba zawo zachifumu pa Nob Hill.

Malo amodzi amene anakonzedweradi kupumulirako ndi Golden Gate Park. Mu 1870 mzinda unapatula maekala oposa 1,000 kumadzulo, kumene kunali milu ya mchenga woyenda ndi mphepo. William Hammond Hall anaumanga mchengawo pofesa balere ndi zomera zina zozika mizu msanga, kenako mitengo. Womutsatira wake wotchuka, John McLaren wa ku Scotland, anayang'anira pakiyo kwa zaka zoposa 50 mpaka imfa yake mu 1943. Ankadana ndi ziboliboli, moti akuluakulu akaimika chimodzi iye ankadzala zitsamba mochizungulira kuti chibisike. Munda wa tiyi wa Chijapani unatsalira ku chionetsero cha mu 1894, ndipo banja la Makoto Hagiwara linausamala kwa zaka zambiri.

Kugombe lakumpoto kunali asodzi ochokera ku Genoa, kenako ku Sicily, ndi timabwato tawo ta matanga a makona atatu. Ankagwira nkhanu zazikulu za Dungeness n'kumaziwiritsa m'miphika pamsewu, ogula n'kumadyera chiimire. Msuzi wa nsomba zosakaniza ndi tomato wotchedwa cioppino unachokera kwa iwo. Umu ndi mmene Fisherman's Wharf inayambira.

Pa 18 Epulo 1906, nthawi ili 5:12 m'mawa, nthaka inang'ambika motsatira mng'alu wa San Andreas. Chivomezicho sichinathe mphindi ziwiri, koma chinadula mapaipi a madzi ndi a gasi, ndipo mkulu wa ozimitsa moto, Dennis Sullivan, anavulala modetsa nkhawa n'kumwalira patapita masiku ochepa. Moto unayaka masiku atatu. Asilikali anaphulitsa nyumba ndi mabomba kuti alambule njira yoti moto usawoloke, koma m'malo ena anangouwonjezera. Nyumba pafupifupi 28,000 zinatha, anthu oposa theka la 400,000 okhala mumzindamo anagona panja, ambiri m'mahema ku Golden Gate Park ndi ku Presidio. Akuluakulu analengeza kuti afa ndi mazana ochepa, poopa kuthawitsa osunga chuma, koma kafukufuku wa pambuyo pake anapeza anthu oposa 3,000. Tchalitchi cha zidina cha Mission Dolores chinaima chilili, pamene cha njerwa chimene chinali pambali pake chinawonongeka.

Chinatown inapsa yonse, ndipo akuluakulu a mzinda anaona kuti mwayi wafika woti asamutsire Atchaina kutali ku Hunters Point n'kutenga malo awo. Amalonda a Chitchaina anakana, anakumbutsa mzinda za misonkho imene ankapereka ndi malonda a ku China amene akanapita kumadoko ena, ndipo anayamba kumanga msanga. Ena mwa iwo, monga Look Tin Eli, analemba ntchito akatswiri a zomanga achizungu kuti akhome madenga opindikira m'mwamba, makonde opaka zofiira ndi zobiriwira, ndi tinsanja tonga ta akachisi pamwamba pa masitolo. Ku China kwenikweni sitolo simangidwa chotero. Cholinga chinali choti mzungu aziona malowo ngati chokongoletsa mzinda, abwere ndi ndalama zake, aleke zowathamangitsa. Nyumba za Sing Chong ndi Sing Fat, pamphambano ya Grant ndi California, ndi za nthawi imeneyo. M'mbiri yonse ya mzindawu sindikuonamo nzeru ina yoposa iyi. Motowo unatenthanso zikalata za kubadwa, ndipo Atchaina ambiri ananena kuti anabadwira mu America, n'kuitanitsa anyamata ngati ana awo. Boma linayankha potsegula malo ofunsira olowa m'dziko pachilumba cha Angel mu 1910. Ena anasungidwa kumeneko miyezi, akufunsidwa kuti nyumba yakwawo ili ndi mawindo angati, ndipo ndakatulo zimene anazokota pamakoma a matabwa zikuonekabe.

Pofuna kuonetsa dziko kuti wadzuka, mzinda unachititsa chionetsero chachikulu cha Panama-Pacific mu 1915, pamalo okwiriridwa amene lero ndi Marina. Nyumba zake zinali zosakhalitsa ndipo zinagwetsedwa, kupatula Palace of Fine Arts ya Bernard Maybeck, imene anthu anaikonda. Inakhala ikufumbwa mpaka anaimanganso ndi simenti m'ma 1960. Mu 1922 mtsetse wa Lombard anaupinda kasanu n'katatu kuti magalimoto a nthawiyo athe kutsika, ndipo mu 1933 nsanja ya Coit inamangidwa ndi ndalama zimene anasiya Lillie Hitchcock Coit, mayi amene ankakonda ozimitsa moto kuyambira ali mwana.

Mlatho wa Golden Gate anthu ambiri ankati sungatheke, chifukwa pampatapo madzi ndi akuya, amathamanga, ndipo mphepo ndi nkhungu sizipereka mpata. Joseph Strauss anaumenyera nkhondo kwa zaka zoposa 10 ndipo ndi iye anatenga ulemu, koma masamu ake ambiri anawerengera Charles Ellis, amene Strauss anamuchotsa ntchito yomanga isanayambe, dzina lake n'kulifufuta. Ntchito inayamba mu Januwale 1933, pa nthawi ya umphawi waukulu mu America. Strauss analamula kuti antchito azivala zipewa zolimba ndipo anatchera ukonde pansi pa mlatho, umene unapulumutsa amuna 19. Komabe anthu 11 anafa, 10 mwa iwo tsiku limodzi mu Febuluwale 1937 pamene thandala limene anaimapo linagwa n'kung'amba ukondewo. Pa 27 Meyi 1937 anthu pafupifupi 200,000 anawoloka wapansi. Pakati pa nsanja zake ziwiri, zotalika mamita 227, pali mtunda wa mamita 1,280, ndipo panalibe mlatho wolenjekeka woposa pamenepo mpaka 1964. Mtundu wake wofiirira anausankha Irving Morrow ataona penti yoteteza dzimbiri imene zitsulo zinabwera nayo. Mlathowu ndi wa Bay Bridge, umene unatsegulidwa mu 1936, inapha malonda a mabwato owolotsa anthu, ndipo Ferry Building ya mu 1898 inakhala zii.

Alcatraz inayamba ndi nyali yotsogolera zombo mu 1854, kenako linga, kenako ndende ya asilikali. Mu 1895 munatsekeredwa amuna 19 a mtundu wa Hopi, mwa zina chifukwa chokana kutumiza ana awo kusukulu za boma. Kuyambira 1934 inakhala ndende ya akaidi ovuta, monga Al Capone. Zipinda zambiri zinali zopapatiza moti munthu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri, ndipo mphepo ikawomba bwino akaidi ankamva nyimbo ndi kuseka kuchokera mumzinda, makilomita awiri okha kutsidya. Mu Juni 1962 Frank Morris ndi abale awiri, John ndi Clarence Anglin, anakulitsa mabowo a mpweya ndi masipuni, anasiya mitu youmba pamabedi, n'kulowa m'madzi pa chombo cha majasi a mvula. Sanaonekenso. Ndendeyo inatsekedwa mu Malichi 1963 chifukwa inkadya ndalama zambiri, popeza ngakhale madzi akumwa ankabwera pa boti. Mu Novembala 1969 gulu la eni nthaka a mitundu yosiyanasiyana, mmodzi mwa atsogoleri ake ali Richard Oakes, linalanda chilumbacho n'kukhalapo miyezi 19, ponena kuti malo amene boma lawasiya abwerere kwa eni ake. Mawu amene analemba ndi penti yofiira padoko ndi pathanki ya madzi alipobe. Alendo anayamba kuloledwa mu 1973.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasinthanso anthu a mumzindamo. Mu 1942 anthu a mtundu wa Chijapani, kuphatikizapo banja la Hagiwara, anatengedwa kupita kumisasa, ndipo m'nyumba zawo za ku Fillmore munalowa anthu akuda ochokera kummwera amene anabwera kudzakhoma zombo. Fillmore inatchuka ndi nyimbo za jazi, mpaka boma la mzinda linagumula nyumba zake zambiri m'ma 1960 m'dzina la chitukuko. Pangano lokhazikitsa bungwe la United Nations linasainidwa mumzindawu mu Juni 1945.

Mu 1947 meya Roger Lapham ananena kuti ngolo za chingwe ndi zachikale, zilowedwe m'malo ndi mabasi. Mayi wina, Friedel Klussmann, anasonkhanitsa amayi anzake, nkhaniyo inapita ku voti, ndipo meya anagonja. Mwa misewu yoposa 20 yakale inatsala itatu. Doko nalo linatha ntchito m'ma 1960 pamene katundu anayamba kubwera m'makontena, amene amafuna malo aakulu a chigwa, ndipo zombo zinasamukira ku Oakland. Fakitale ya Ghirardelli inasanduka masitolo ndi malo odyera mu 1964, Pier 39 inatsegulidwa mu 1978. Mabwato a nkhanu akadalipo, koma ogulitsa majuzi kwa alendo amene anabwera atavala makabudula poganiza kuti California yonse ndi yotentha ndi ochuluka kuposa asodzi. Zaka zomwezo achinyamata a tsitsi lalitali anadzaza Haight-Ashbury m'chilimwe cha 1967, ndipo dera la Castro linasankha Harvey Milk kukhala khansala mu 1977, munthu wosabisa kuti amakonda amuna anzake. Anaomberedwa pamodzi ndi meya George Moscone chaka chotsatira.

Chivomezi cha Loma Prieta, pa 17 Okutobala 1989, chinapha anthu 63 ndipo chinagwetsa nyumba ku Marina, pa dothi lokwiriridwa lija. Chinawononganso msewu wosanjikiza wa simenti umene kwa zaka 30 unatchinga mzinda kuti usaone madzi ake. Ovota anali atakana kuugwetsa zaka zitatu m'mbuyomo, koma tsopano unagwetsedwa mu 1991, ndipo Ferry Building inatsegulidwanso mu 2003 ngati msika wa zakudya. Patangopita miyezi yochepa chivomezicho chitachitika, nyama zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa sea lion zinayamba kuchuluka pamathandala oimikapo maboti ku Pier 39. Zimanunkha, zimafuula usana ndi usiku, zimakankhana kulimbirana pogona. Eni maboti anadandaula, koma nyamazi zimatetezedwa ndi lamulo, ndipo alendo anayamba kuunjikana kudzaziona. Amene anasamuka ndi eni maboti.

Asilikali anachoka ku Presidio mu 1994, malowo n'kukhala paki, ndipo bwalo lawo lakale la ndege la Crissy Field linabwezeretsedwa kukhala dambo ndi gombe kumene anthu amathamanga ndi kupalasa njinga popita kumlatho. Ndalama za makampani a makompyuta ndi intaneti zakweza lendi moti ambiri ogwira ntchito m'mahotela ndi m'malo odyera amagona kutsidya kwa nyanja, ndipo mlendo wochoka ku Union Square akangokhota misewu iwiri amapeza anthu akugona m'mbali mwa msewu ku Tenderloin. Zidzukulu za Aohlone zilipo ndipo zina zikumenyerabe kuti boma la America liwavomereze ngati mtundu. Chaka chilichonse mu Novembala, pa tsiku limene Aamerika ambiri amadya nkhukundembo pa chikondwerero cha Thanksgiving, maboti a ku Alcatraz amanyamuka kusanache atanyamula anthu masauzande opita ku mwambo wa eni nthaka wokumbukira kulanda kwa chilumba kwa mu 1969, ndipo tsikulo ndende sitsegulidwa kwa alendo.